Kuyenda wapansi kuchoka ku Chembe kukafika ku Otter Point: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa mabanja, aphunzitsi okonza ulendo wa ana asukulu, magulu a kutchalitchi ndi ena ofuna kukapitidwa mphepo kunyanja. Tayamba ndi osavuta, ozama ali kumunsi.

Kodi njira imeneyi ili kuti?

Ili ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, m'dera la Mfumu Nankumba. Eni malo amati ku Chembe, lomwe ndi dzina la mudzi waukulu wa asodzi umene watambalala m'mbali mwa nyanja pamenepo. Mukaima pamchenga kuyang'ana kumadzi, chilumba cha Thumbi chili patsogolo panu, cha Domwe chili kumanja, ndipo kumanzere, kumene mchenga ukuthera n'kuyamba matanthwe, ndiko ku Otter Point. Dzinali linachokera ku katumbu, kanyama kam'madzi kodya nsomba kaja. Musadalire kuti mukamuona, ndi wamanyazi kwambiri.

Ulendo wake ndi wongotsata gombe kulowera kumanzereko, kutuluka m'mudzi, kulowa pachipata cha Lake Malawi National Park, kudutsa pagombe lamchenga la Golden Sands, mpaka kufika pamiyala.

Ndi yaitali bwanji, nanga ndi yovuta?

Siyovuta. Kuchokera pachipata cha paki, munthu woyenda mosathamanga amafika theka la ola lisanakwane. Chimene chimatalikitsa ulendo ndi kumene mwagona, chifukwa mudzi wa Chembe ndi wautali makilomita angapo. Amene agona kumapeto kwa mbali ya ku Domwe aonjezerepo ola lina loyenda pamchenga, kapena akwere kabaza mpaka pachipata.

Mbali yaikulu ndi yachidikha, pena mchenga pena msewu wafumbi wokhala ndi mithunzi. Chakumapeto kokha ndi kumene mumaponda miyala ndi kukwera pang'ono. Agogo amene amatha kuyenda okha kupita kutchalitchi akhoza kufika ku Golden Sands bwinobwino n'kutsala pamthunzi ena akupitirira. Njinga ya olumala ndi ngolo ya mwana zimavuta pamchenga, ndipo pamatanthwe sizingadutse. Mwana wamng'ono ndi wobereka.

Tivale nsapato zotani?

Zogwira phazi. Mapatapata amatha pamchenga, koma pamwala wonyowa amaterera ndipo amaduka. Osavala nsapato amalira masana, mchenga ukatentha ngati chiwaya.

Timafika bwanji ku Chembe?

Ochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, kenako msewu wa ku Monkey Bay. Ochokera ku Lilongwe amadzera ku Salima, kapena ku Dedza n'kutsika Khwekhwelere mpaka pa Golomoti. Mbali zonse ziwiri werengerani maola anayi kapena kuposerapo pagalimoto yanu, ndipo pa minibasi ndi ulendo wa tsiku. Mutatsala pang'ono kulowa m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano yopita ku Cape Maclear, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 a msewu wokhotakhota wodutsa m'mapiri. Opanda galimoto amakwera njinga zamoto kapena matola pamphambanopo. Gwirizanani mtengo musanakwere.

M'njira imeneyi muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yooneka ngati mphini zimene makolo ankatema. Mizereyo sanajambule ndi munthu, ndi mmene mwalawo unang'ambikira pakupita kwa nthawi. Ngati muli ndi ana, imani pang'ono auone.

Kodi pamalipidwa?

Kuyenda pagombe la m'mudzi ndi kwaulere. Mukafika pachipata cha paki mumalipira, ndipo Amalawi amalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi alendo akunja, choncho tengani chiphaso chanu chaunzika. Mitengo imasintha, ndiye funsani pamalo amene mwagona musananyamuke, ndipo nyamulani ndalama zapamanja. Landirani lisiti n'kulisunga mpaka mutatuluka. A sukulu ndi magulu akuluakulu ndi bwino kudziwitsa akuluakulu a paki pasadakhale.

Wina akakuuzani kuti akudutsitsani njira yachidule yozemba pachipata, kanani. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Alonda amene amailondera ndi ochepa, ntchito ndi yambiri.

Si malo a azungu amenewo?

Funso ili limatipweteka mtima, koma limabwera kawirikawiri, ndipo tikumvetsa kumene likuchokera. Kwa zaka zambiri zithunzi za Cape Maclear zimene anthu amaona ndi za alendo akunja, ndipo mitengo ya malo ena ogona imalembedwa m'madola. Munthu wa ku Ntcheu kapena ku Mchinji akaona zimenezo amangoti si kwathu.

Ndi kwanu. Kuyenda njira imeneyi sikulira boti, sikulira hotelo, sikulira chovala chapadera. Pamafunika thiransipoti, ndalama ya pachipata, kamba ndi madzi akumwa basi. Pali Amalawi ambiri amene anabadwira makilomita ochepa kuchokera kunyanja, amadya usipa sabata iliyonse, koma sanaonepo mbuna, nsomba zokongola za m'miyala, zikusambira m'madzi mwake, pamene anthu amakwera ndege kuchoka kutsidya kwa nyanja zamchere kudzaona nsomba zomwezo. Malo ogona otsika mtengo alipo m'mudzimo, ndipo chakudya cha pamsika ndi chomwe mumachidziwa kale.

Nthawi yabwino yopita ndi iti?

Patsiku, m'mawa. Nyamukani dzuwa lisanakwere, mukasambe madzi akadali bata, mudye pamthunzi masana, mubwerere chakumadzulo kukazizira.

Pachaka, nyengo iliyonse ili ndi zake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira bwino ndipo kuyenda kumakoma, koma ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kumwera imene imatha kuvundula nyanja mwadzidzidzi. Seputembala mpaka Novembala madzi amakhala oyera kwambiri ndi ofunda, koma dzuwa la kunyanja m'miyezi imeneyi si lamasewera, makamaka Okutobala. M'dzinja mapiri amabiriwira ndipo malo amakongola mwapadera, koma miyala imaterera, udzudzu umachuluka, ndipo mvula ikagwa timitsinje timathira matope m'nyanja.

Dziwaninso kuti nyanja imakwera ndi kutsika. Imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, n'kuphwera chakumapeto kwa chaka. Mu 2024 inakwera modabwitsa mpaka inameza magombe ndi kulowa m'nyumba zambiri m'boma la Mangochi. Zikatero malo ena amene munkadutsa pamchenga mumayenera kuzungulira kumtunda.

Ofuna bata apewe Khirisimasi, Pasaka ndi Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, pamene magombe amadzaza anthu.

Malo abwino osambira ndi ati?

Alipo awiri, ndipo ndi osiyana kwambiri.

Ku Golden Sands ndi pamchenga. Madzi amazama pang'onopang'ono, munthu amaona pamene akuponda, ndipo ndi pamene tikulimbikitsa mabanja ndi onse amene sadziwa kusambira kwenikweni.

Ku Otter Point ndi pamatanthwe. Madzi ake ndi oyera mwakuti pansi pamaoneka pafupi, ndipo apa ndi pamene anthu amanyengeka: mwala umene ukuoneka ngati muuponda uli pakuya kuposa msinkhu wanu. Pamazama msanga, miyala ya m'madzi ili ndi ndere zoterera, ndipo potuluka pamafunika kusankha bwino. Musanalowe, yambani mwaona potulukira. Musadumphe chamutu kuchokera pamwala, ngakhale mutaona anyamata a m'mudzi akutero. Iwo anakulira pomwepo ndipo mwala uliwonse amaudziwa.

Pagombe la pakati pa mudzi sitikulimbikitsa kusambirapo. Chifukwa chake chili pa funso la likodzo.

Nanga ana ndi anthu osadziwa kusambira?

Palibe wopulumutsa anthu amene amakhala pagombe kudikira ngozi. Mlonda wa mwana wanu ndinu nokha. Pagulu sankhani wamkulu mmodzi amene ntchito yake ikhale kuyang'ana ana basi, osagwira foni, osadula anyezi, osamwa mowa, ndipo muzisinthana. Ana ambiri amamira pamene akuluakulu ali pomwepo, aliyense akuganiza kuti mnzake akuona. Ndipo womira nthawi zambiri sakuwa, amangolowa mwakachetechete.

Osadziwa kusambira asapitirire madzi a m'chiuno. Chubu cha galimoto ndi zidole zopopa si zodalira, mphepo ikawomba zimamutengera munthu kwakuya. Mukaona mafunde ayamba kuchita thovu loyera, tulukani nonse. Amene wamwa mowa asalowe m'madzi, ngakhale anene kuti ndi katswiri.

Tamva kuti kuli likodzo. Ndi zoona?

Ndi zoona, ndipo sitikubisirani. Cape Maclear ndi amodzi mwa malo amene likodzo limadziwika kwambiri m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Koma ndi matenda omveka bwino mmene amayendera, ndipo mankhwala ake alipo.

Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa n'kulowa mu nkhono zam'madzi. Mu nkhonomo timaswana, kenako timatuluka tosaoneka ndi maso n'kuboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo, kaya akusamba, kaya akuchapa, kaya wangoviika miyendo. Ndiye kuti chiopsezo chimakula pamene pali anthu ambiri ndi nkhono zambiri: madzi osazama, odikha, a mabango ndi zomera, ndiponso pagombe la m'mudzi pamene anthu amasamba ndi kutsuka tsiku lililonse. Ku Chembe kuno ofufuza anapezanso mtundu wa nkhono umene umakhala pamchenga poyera, ndipo anaona kuti unachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Pamatanthwe akutali ndi mudzi chiopsezo ndi chocheperapo, koma palibe malo amene tinganene kuti mulibiretu.

Zizindikiro zimachedwa. Ena amamva kuyabwa atangotuluka m'madzi, ena amatentha thupi patapita masabata, ndipo chodziwika kwambiri ndi magazi mumkodzo. Ambiri samva kanthu kwa nthawi yaitali pamene chikhodzodzo chikuwonongeka. Kwa amayi likodzo limathanso kugwira njira yoberekera n'kumaoneka ngati matenda ena. Kale ena ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Si kukula, ndi matenda.

Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu ndipo amamwedwa mutadya. Chimene ambiri amalakwitsa ndi nthawi. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zikakula, ndiye kumwa mawa lake mutasamba sikuthandiza. Dikirani masabata 6 mpaka 8, kenako pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba kunyanja. Lembani tsikulo pakalendala musanaiwale. Kudzipukuta msanga ndi thaulo ndi kwabwino koma sikukutetezani mokwanira. Ndipo inunso musakodzere m'madzi, uzaninso ana.

Ng'ona ndi mvuu ziliko?

Nyanja ya Malawi ili nazo zonse ziwiri, makamaka kumathiriro a mitsinje ndi m'mabango. Pamalo amene tatchulawa sizioneka kawirikawiri, koma nyama siidziwa malire. Funsani alonda pachipata tsiku lomwelo ngati pamveka chilichonse, ndipo musasambe usiku, m'bandakucha kapena kukamada. Chimene mudzaone ndithu ndi ng'azi ikuwothera dzuwa pamwala. Imaoneka ngati kang'ona koma imathawa yokha.

Tikadyere pati, ndipo tinyamule chiyani?

Ku Golden Sands kuli mitengo ya mthunzi ndi malo okwana kuyala mkeka kapena zitenje, gulu lonse n'kukhala pamodzi. Ku Otter Point malo ndi ochepa, a anthu awiri kapena atatu pamwala, ndipo masana thanthwe limatentha. Ambiri amasiya kamba wamkulu kuti adzadye ku Golden Sands pobwerera.

Nyamulani zosavuta kuwonongeka ndi kutentha: chinangwa kapena mbatata yophika, mazira owiritsa, mtedza, zitumbuwa, mandasi, nthochi, nsomba yowamba kapena yokazinga ya m'mawa womwewo. Mpunga wa nkhuku wophika dzulo ukakhala m'kontena padzuwa mpaka masana umatsegula m'mimba gulu lonse. Madzi akumwa tengani ambiri kuposa mmene mukuganizira, malita awiri munthu aliyense, ndipo m'chilimwe onjezerani. Madzi a m'nyanja musamwe osawiritsa kapena kuthira mankhwala, ngakhale aoneke oyera chotani. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unavuta kwambiri m'boma la Mangochi. Sopo wosamba m'manja, chipewa ndi thumba lotayamo zinyalala zisatsale.

Mkati mwa paki musayembekeze golosale. Gulani zonse m'mudzi musanalowe, ndipo kutero ndi njira imodzi yosiyira kangachepe kwa eni malo.

Tingawotche nyama kapena nsomba?

Funsani alonda kuti akuonetseni pamene moto umaloledwa, ndipo kwina kulikonse musakoleze. M'chilimwe udzu wa m'mapiri awa umayaka ngati wathiridwa palafini. Bwerani ndi mbaula ndi makala anu, osathyola nkhuni m'paki. Mukamaliza thirani madzi. Makala okwiriridwa mumchenga amakhala amoto kwa maola, ndipo amene amawaponda ndi mwana wa wina.

Anyani amavutitsa?

Amavutitsa mukawapatsa mpata. Anyani ndi apusi a kuno anazolowera anthu ndipo thumba la pulasitiki amalidziwa. Vindikirani chakudya, musasiye chikwama chokha mukamapita kukasamba, ndipo mwana asayende yekha nthochi ili m'manja. Musawapatse chakudya ngakhale pang'ono, chifukwa nyani wozolowera kulandira amadzayamba kulanda. Akakulandani, musalimbane naye. Wolumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Nsomba zokongola zija tingazione osadziwa kusambira pansi pa madzi?

Inde, ndipo ichi ndicho chimene ife timati musabwerere musanachite. Ku Otter Point mukhoza kukhala pamwala n'kuziona mbuna zili m'munsi mwanu, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikubudula ndere pamiyala. Amene amasambira bwino abwereke magalasi osambirira m'mudzi, aviike nkhope m'madzi. Zimene amaona pamenepo munthu saiwala.

Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, mazanamazana, ndipo pafupifupi mbuna zonse sizipezeka kwina kulikonse m'chilengedwe. Zimakonda miyala ndipo siziyenda mtunda wautali pamchenga poyera, ndiye gulu la pachilumba china limakhala lokha kwa mibadwo yambiri mpaka kusiyana mtundu ndi la pachilumba choyandikana nacho. Yang'anitsitsani yaikazi yotupa kukhosi imene sikudya: yasunga mazira kapena ana m'kamwa. Nsomba zina za mtundu womwewu zimatulutsa ana kuti adye, pakabwera choopsa n'kuwamezanso kuwabisa. Ana asukulu akaona zimenezi ndi maso, phunziro la sayansi limalowa lokha.

Tingawedze, kapena kuziponyera buledi?

Kuwedza ayi. Madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi la zilumba zake ndi otetezedwa. Musatengenso nsomba yamoyo m'botolo kuti mukawete kunyumba.

Za buledi, mudzaona ena akuchita chifukwa nsomba zimaunjikana pamanja ndipo chithunzi chimakongola. Ife timati lekani. Chakudya chawo ndi ndere ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo mukakhala phee zimabwera zokha.

Manda amene ali pafupi ndi njira ndi a ndani?

Ndi a anthu a mishoni yoyamba ya Livingstonia. Ambiri akamva dzinali amaganiza za ku Rumphi, koma inayambira pano. Mu Okutobala 1875 gulu lochokera ku Scotland, lotsogozedwa ndi E. D. Young ndipo muli Dr Robert Laws, linafika pa sitima ya Ilala n'kumanga pa Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapereka polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Malungo anawasautsa. Mwa amene anagona pano muli Dr William Black ndi Shadrach Ngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene nthawi zambiri amaiwalika nkhaniyi ikamakambidwa. Mu 1881, chaka chimene Albert Namalambe anabatizidwa kukhala Mkhristu woyamba wa mishoniyi, likulu linasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 linakwera ku Khondowe, m'boma la Rumphi, kumene mishoni ya Livingstonia ili mpaka lero.

Mandawo ali chakumtunda pang'ono, m'munsi mwa phiri. Funsani pachipata akulozereni. Ndi kupatuka kwa mphindi zochepa, ndipo a magulu a kutchalitchi ambiri amaima pamenepo kupemphera.

Podutsa m'mudzi tizichita bwanji?

Monga mmene mungafunire kuti mlendo achite podutsa pakhomo panu. Gombe la Chembe si bwalo la masewera lokha. Ndi pochapira, potsukira mbale, posokera maukonde, poyanikira usipa pamathandala, pokocheza mabwato a anthu amene agwira ntchito usiku wonse ndi nyali. Perekani moni. Lambalalani ukonde woyanikidwa, osaulumpha kapena kuuponda. Bwato la mwini musakhalepo kuti mujambulitse musanapemphe. Anthu amene akusamba musawajambule m'pang'ono pomwe, ndipo ana a eni musawaike pa Facebook makolo awo osadziwa.

Zovala zosambira ndi za kumadzi. Mukamadutsa pakati pa nyumba, amayi mangani chitenje, abambo valani malaya. Zoimbira zaphokoso zisiyeni, makamaka mkati mwa paki, kumene kulira kwa nkhwazi kumamveka kuchokera kuphiri mpaka kuchilumba.

Tikufunika wotiperekeza?

Panjira iyi yokha simungasochere, nyanja ili kumanja popita, kumanzere pobwerera. Koma woperekeza wabwino amakuonetsani zambiri zimene mukanadutsa osaona, ndipo kwa osadziwa matanthwe a ku Otter Point amathandiza posankha polowera m'madzi. Funsani pamalo amene mwagona kapena pachipata kuti akupezereni wodziwika, ndipo mtengo mugwirizane musanayambe. Mukafuna kukwera mapiri a kumbuyo kwa mudzi, pamenepo woperekeza ndi wofunika ndithu. Mukafuna boti lopita ku Thumbi, onetsetsani kuti muli majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndipo mwera ukawomba dikirani tsiku lina.

Zinyalala tizitaya kuti?

Bwererani nazo. Mabotolo, mapepala a masiwiti, matewera a ana, zonse m'thumba lija. Botolo lagalasi likasweka pamwala tolani zidutswa zonse, chifukwa pamenepo anthu amaponda opanda nsapato. Pitani kuchimbudzi musananyamuke, ndipo funsani pachipata kumene kuli china.

Tibwerere nthawi yanji?

Funsani nthawi yotsekera chipata pamene mukulowa. Kwathu kuno mdima suchedwa, dzuwa likangolowa kwada, ndipo miyala imene munadutsa mosavuta masana imakhala ina mumdima. Chokani ku Otter Point dzuwa likadali pamwamba, cha m'ma 4 koloko. Mukatero mudzafika pamchenga wa m'mudzi nthawi yabwino, chifukwa gombe la Chembe linayang'ana chakumadzulo ndipo dzuwa limalowera kumadzi, chakumene kuli Thumbi, asodzi akukankha mabwato ndi kukonza nyali za usiku. Ikani tochi m'chikwama ngakhale mukuganiza kuti simuchedwa, ndipo valani zamanja aatali, udzudzu umayamba nthawi yomweyo.